Namondwe akadutsa, mlimi wa ku Ndirande sapezeka pa kaundula

Aliyense amene amati mumzinda wa Blantyre mulibe alimi akaime pa msika wa Ndirande m'mwezi wa Febuluwale, atukule maso. Phiri limene kuyambira nthawi ya atsamunda linali nkhalango yotetezedwa limaoneka lobiriwira ndithu, koma kubiriwirako si kwa mitengo. Ndi chimanga. Mizere imakwera mpaka pamene matanthwe akaniza khasu, ndipo pakati pa mapesi pamayanga maungu ndi nyemba. M'mbali mwa mtsinje wa Nasolo muli timadimba ta mpiru ndi repu. Kuseri kwa nyumba za lendi ku Goliyo, ku Makata ndi ku Malabada, paliponse pamene patsala kadanga, wina wabzalapo mapando ake khumi.

Pali gulu linanso lalikulu limene minda yake sioneka uli ku Ndirande. Mlonda wa pa kampani ku Makata, mayi wokazinga mandasi pa Chinseu, telala, wakabaza: ambiri mwa amenewa ali ndi munda ku Chiradzulu, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Phalombe kapena ku Lunzu konkuno. Novembala akafika amatumiza ya fetereza ndi ya aganyu. Mu Meyi matumba amabwera pa lole ya matola, ndipo matumba ochepa amenewo ndiwo amachititsa kuti malipiro a m'tauni afike kumapeto kwa mwezi.

Onsewa ndi alimi. Koma likagwa tsoka, boma limawadziwa ngati anthu anjala, ngati ovota, mwinanso ngati ophwanya malamulo a khonsolo ya mzinda, osati ngati alimi amene ndalama zawo zathera m'munda. Ndipo musaganize kuti mnzawo wa kumudzi zake zili bwino. Dziko la Malawi lilibe ndondomeko yokhazikika yoti mlimi amene munda wake wakokoloka kapena wapsa ndi dzuwa alandire chipukuta misozi chodziwika, pa nthawi yodziwika. Chimene chilipo ndi thumba la chimanga loti asafe. Kudyetsa munthu n'kwina, kumudzutsa kuti akalimenso n'kwina, ndipo boma lakhala likusokoneza ziwirizi kwa zaka zoposa makumi atatu.

Namondwe wa Freddy ndiye anaonetsa izi poyera. Mvula inayamba kutsika mopanda chifundo kumapeto kwa sabata yachiwiri ya Malichi 2023, ndipo pa 13 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti m'chigawo cha kum'mwera mwagwa ngozi. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Ku Ndirande nako nyumba zinagwa, anthu anakokoloka. Nyumba ya chisoni ya pa chipatala cha Queen Elizabeth inadzaza. Pamene boma ndi mabungwe anamaliza kauniuni wa zowonongeka, anapeza kuti anthu 679 anafa, 537 anasowa, ndipo oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo. Mbewu za m'minda yoposa mahekitala 200,000 zinamira kapena kukokoloka. Zonse zowonongeka anaziwerengera pa $506.7 miliyoni, ndipo anati pofunika $680.4 miliyoni kuti zinthu zibwerere mwakale.

Mwezi umene namondweyu anabwera ndi wofunika kuuganizira bwino. Mu Malichi mlimi amakhala atawononga zonse zimene akanawononga. Mbewu anagula, fetereza wokulitsa ndi wobereketsa anathira, anapalira, anabandira, aganyu anawalipira. Amene dzina lake linatuluka pa fetereza wotsika mtengo wa AIP chaka chimenecho analipira K15,000 pa thumba. Amene silinatuluke anagula kusitolo pa mtengo woposa K60,000, ena atachita kukongola ku banki m'khonde kapena kwa akatapila. Chimanga chinali chitayamba kukhwima, ana akuotcha kale mondokwa. Kutaya munda mu Disembala n'kutaya mbewu, munthu n'kubzalanso. Kutaya munda mu Malichi n'kutaya chaka chonse, ngongole n'kutsala.

Thandizo linabwera, ndipo kukana zimenezo kungakhale kusayamika. M'makalasi a sukulu za pulayimale ndi m'matchalitchi momwe anthu anathawira munafika ufa, nyemba, soya, ndowa ndi mabulangete. Kampeni ya Tigwirane Manja inasonkhanitsa zopereka, mipingo ndi achinyamata a m'matauni anathamangathamanga, atsogoleri opuma Bakili Muluzi ndi Joyce Banda anapemphedwa kukapempha thandizo kwa akufuna kwabwino. Zonsezo zinali zopulumutsa moyo. Koma mlimi aliyense akudziwa kuti madzi akaphwa amasiya chinyezi, ndipo kuyambira Epulo mpaka Juni ndi nthawi yothamangira kudimba ndi mbewu yocha msanga, mbatata ndi nyemba. Munthu amene ali ndi ndalama m'manja pa nthawi imeneyo amakolola mu Ogasiti kapena Sepitembala. Amene alibe amakhala pansi kudikira chimanga cha boma cha miyezi ya njala. Bulangete silibzalidwa.

Wina angati: nanga si boma linalowa inshulansi ya ngozi zotere? Linalowadi, ya chilala, ndipo nkhani yake ndi yoyenera kuphunzitsidwa kwa aliyense wofuna ntchito ku Capital Hill.

Mu nyengo ya ulimi ya 2015/16 boma linalipira pafupifupi $4.7 miliyoni ku African Risk Capacity, bungwe la inshulansi la mayiko a mu African Union. Pangano linali loti mvula ikavuta, makina owerengera mvula kuchokera mumlengalenga aonetsa okha, ndalama n'kutuluka msanga. Mvula inavutadi chifukwa cha El Niño. Mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala, ndipo anthu oposa 6.5 miliyoni anafunika chakudya. Koma kompyuta ya inshulansi inati anthu okhudzidwa ndi pafupifupi 20,000 okha, choncho palibe cholipira. Atafufuza anapeza kuti mu kompyutamo analowetsamo mtundu wa chimanga chochedwa kucha, pamene alimi ambiri anali atasintha kale n'kumabzala chocha msanga. Chilala chinagwa pa nthawi imene chimanga chenicheni cha m'minda chinafuna madzi kwambiri, koma chimanga cha mu kompyuta chinapulumuka. Atakonza cholakwikacho, bungwelo linavomera kulipira $8.1 miliyoni, ndipo ndalamazo zinafika mu Januwale 2017, patadutsa miyezi isanu ndi inayi chilengezereni ngozi, pamene ntchito yonse yodyetsa anthu inkafuna pafupifupi $395 miliyoni. Bungwe la ActionAid linalemba lipoti lodzudzula kwambiri zimenezi mu 2017.

Funso loti alimi akubzala mbewu yanji akanatha kuliyankha mlangizi aliyense wa ku Ntonda kapena ku Lirangwe, kapenanso mtsikana wogulitsa mbewu m'sitolo ku Limbe. Palibe anawafunsa.

Zinthu zasinthako, tisaname. Mu 2022 bungwe la African Risk Capacity lomwelo linalipira dziko lino $14.2 miliyoni. Mu 2024 El Niño atabweranso, Chakwera analengeza ngozi pa 23 Malichi m'maboma 23 mwa 28, ndipo cheke cha $11.2 miliyoni chinaperekedwa mu Ogasiti. Miyezi isanu ndi yabwinoko poyerekeza ndi isanu ndi inayi, komabe nyengo ya kudimba inali itapita. Ndipo ndalama za inshulansi yotereyi sizipita kwa mlimi ngati mlimi. Zimalowa m'thumba la boma n'kusanduka chakudya kapena ndalama za mabanja ovutikitsitsa, monga mu 2024 pamene anthu 5.7 miliyoni ankayembekezeka kusowa chakudya. Mlimi wa matumba makumi awiri amene chaka chimenecho anakolola awiri sali pa mndandanda wa ovutikitsitsa. Amadzafikapo chaka chotsatira, atagulitsa mbuzi, njinga ndi malata.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani: kaundula.

Aliyense wa ku Ndirande amadziwa mmene tsiku lolemba mayina limayendera. Uthenga umamveka madzulo kuti mawa kubwera a boma. M'mawa anthu amasonkhana pabwalo la sukulu kapena kwa amfumu, ziphaso za unzika zili m'manja, zina zokutidwa m'jumbo chifukwa zinanyowa. Patebulo pamakhala a komiti, abuloko lida, nthawi zina akhansala. Funso limakhala la nyumba: inagwa yonse kapena khoma limodzi? Munali angati m'nyumbamo? Mayi amene nyumba yake yaima koma munda wake wa m'phiri watsala miyala yokhayokha amauzidwa mwaulemu kuti, pepani mayi, lero tikulemba a nyumba zogwa. Ngati nyumba yogwayo ndi ya lendi, pamabukanso mkangano wa yemwe alembedwe, alandilodi kapena wokhalamo. Bambo amene munda wake uli ku Phalombe amauzidwa kuti akalembetse komweko. Akafika ku Phalombe, atawononga ya thiransipoti, anyakwawa amamuuza kuti inu ndinu a m'tauni, talemba okhala m'mudzi muno. Kenaka pamabwera masabata odikira, ndipo mawu amene amamveka kawirikawiri ndi aja akuti dzina lanu silinatuluke, ngati kuti mayina amatuluka okha ngati ngumbi.

Vuto si kuipa mtima kwa anthu a patebulo aja, ngakhale ena mwa iwo salephera kulowetsapo mlamu. Vuto ndi lakuti kaundula amalembedwa tsoka litagwa kale, mwachangu, ndi anthu amene apatsidwa nambala yoti asapyole. Alangizi a zaulimi m'boma la Blantyre amagwira ntchito m'zigawo za Ntonda, Lunzu, Lirangwe, Kunthembwe ndi Chipande, motsatira midzi. Khonsolo ya mzinda, yomwe pa kalembera wa 2018 inali ndi anthu 800,264, imaona za misika, zinyalala, mapulani a nyumba ndi misonkho. Munda wa munthu wa m'tauni suli m'buku la aliyense. Ngozi ikachitika, palibe amene angatsimikize kuti unalipo.

Ndiye pali mantha oti ndalama zikachuluka, akuba nawonso achuluka. Manthawo ali ndi maziko, ndipo chipani chilichonse chimene chalamulirapo chili ndi chipsera chake. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinagulitsidwa njala ya 2002 isanafike, anthu n'kufa. Kugula chimanga ku Zambia pa njala ya 2016 kunabala mlandu umene unachotsetsa nduna ya zaulimi George Chaponda mu Febuluwale 2017, ngakhale kuti khoti linadzamupeza wosalakwa. Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni za Covid-19 anaonetsa kuti ndalama zambiri zinathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo, ndipo nduna ya zantchito Ken Kandodo inachotsedwa. Mu 2022 K750 miliyoni za fetereza wa AIP zinalipidwa ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods, imene inadziwika kuti ntchito yake ndi ya nyama, ndipo nduna Lobin Lowe ndi wachiwiri wake anachotsedwa mu Okutobala chaka chomwecho.

Koma tayang'anitsitsani milandu imeneyi. Yonse inachitikira pogula, posunga, ponyamula ndi pochita misonkhano. Pamene pali tenda, lole, nkhokwe ndi alawansi ndi pamene pamadyedwa. Palibe umodzi mwa milandu ikuluikuluyi umene unachitika chifukwa choti mlimi analandira ndalama pa foni yake. Amene amati mlimi sangapatsidwe ndalama chifukwa dziko lili ndi akuba akulanga wobedwa m'malo mwa wakuba.

Umboni woti ndalama ingathe kufika pa foni ya munthu wa ku Ndirande ulipo, ndipo anauonetsa ndi boma lomwelo. Mu 2021, pa ndondomeko ya Mzati pa Covid, mabanja a m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba ankalandira K35,000 pa mwezi kwa miyezi itatu kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba. Panali madandaulo a mayina osowa ndi manambala osagwirizana ndi ziphaso, komanso ndalamazo zinachedwa pafupifupi chaka chilengezereni. Komabe zitayamba kutuluka zinkafika kwa mwiniwake, popanda lole kapena mlonda wa nkhokwe pakati. Njira inatsegulidwa. Chiphaso cha unzika chilipo kuyambira 2017, kaundula wa UBR wa mabanja osauka alipo, ma ejenti ali pa ngodya iliyonse ya msika.

Za alimi enieni nazonso zinayesedwa. Mu 2021 bungwe la World Food Programme linalengeza kuti mabanja a alimi pafupifupi 65,000 a m'maboma a kum'mwera, kuphatikizapo Blantyre, alandira $2.4 miliyoni za inshulansi ya mbewu zokolola zitavuta. Ambiri mwa alimiwo sanalipire inshulansiyo ndi ndalama zokha, koma ndi ntchito: kukumba migula yotchinga madzi, kubzala mitengo, kukonza makhwawa. Mu 2022 Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, anayesa njira yoti mvula ikavuta ndalama ziwonjezereke zokha popanda kudikira msonkhano wa nduna, ndipo mabanja pafupifupi 74,000 a ku Blantyre, Ntcheu ndi Thyolo anapindula. Ku Nsanje, Freddy atadutsa, boma la Scotland linapereka ndalama kudzera ku GiveDirectly, mabanja pafupifupi 2,700 n'kulandira ndalama zokwana ngati $750 banja lililonse, ndipo ambiri anasamukira kumtunda n'kumanga nyumba. Zonsezi ndi zoyeserera, zodalira mabungwe akunja, zokhudza maboma ochepa. Boma limabwera kudzadula riboni, koma silinazitenge kukhala lamulo lake.

Kwina anachita kalekale. Ku Kenya, m'madera ouma a Turkana, Marsabit, Mandera ndi Wajir, mabanja analembedwa ndi kutsegulidwira maakaunti chilala chisanabwere, kuti zithunzi za mumlengalenga zikaonetsa kuti msipu wauma, ndalama zingotumizidwa. Ku India kuli mulingo wolembedwa: mlimi amene wataya gawo limodzi mwa magawo atatu a mbewu zake kapena kuposa amayenera kulandira ndalama zodziwika pa hekitala iliyonse zogulira zipangizo. Nako kuli kuchedwa ndi madandaulo, koma mlimi wa kumeneko akamakangana ndi boma amakhala akufunsa chake chimene chinalembedwa. Wa kuno amapempha chifundo, ndipo akalandira amayenera kuvina.

Kuvinako si nkhani yaing'ono ku Ndirande, kumene andale a zipani zonse amabwera kudzayesa mphamvu zawo. Thandizo limene lilibe lamulo limakhala mphatso, ndipo mphatso imakhala ndi mwini wake. Thumba la chimanga logulidwa ndi msonkho wa anthu limafika ndi galimoto zambirimbiri, zokuzira mawu ndi nsalu za chipani. Uthenga wa pa foni woti ndalama yalowa sungaimbiridwe nyimbo. Mwina n'chifukwa chake andale sachita nawo chidwi.

Chotsutsa champhamvu kwambiri ndi china, ndipo n'chosayenera kuchizemba. Kulima m'phiri la Ndirande ndi m'mphepete mwa Nasolo ndi Mudi n'kolakwika pa malamulo, komanso ndi mbali imodzi ya chimene chimachititsa kuti madzi azitsika mwaukali chonchi. Mitengo ya m'phirimo inatha m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, pamene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo kuyambira pamenepo dothi lakhala likutsikira m'damu la Mudi limene Blantyre Water Board imatungamo ena mwa madzi a mumzinda. Kodi boma lilipire munthu amene munda wake ndi womwe ukugwetsa nyumba za anzake kumunsi? Walira mvula walira matope, angatero ena.

Yankho lake n'lakuti kusawalemba sikunawachotse m'phirimo. Zaka makumi atatu za machenjezo a khonsolo, kubzala mitengo pa tsiku la mwambo ndi kuopseza kuti chimanga chithethedwa sizinaphule kanthu, chifukwa munthu salima pa thanthwe mwachisangalalo. Amalima chifukwa ufa wa wokumani wa tsiku ndi tsiku ukumulemera. Chipukuta misozi ndi mwayi wokhawo umene boma lingakhale nawo wokambirana ndi anthu amenewa ali ndi chifukwa chomvera. Amene amalima pamalo otsetsereka kwambiri alandire pa pangano lakuti malowo awasiya, abzalapo mitengo kapena nsungwi, ndipo gawo lina la ndalamazo lizibwera chaka ndi chaka malinga ndi mitengo imene yapulumuka. Amene amalima pamalo oti n'kutetezeka alandire atakonza migula ndi kubzala vetiva. Njira ya kulipira inshulansi ndi ntchito inayesedwa kale kumidzi ya Blantyre. Palibe chifukwa choti ilephere pa mtunda wa makilomita ochepa kuchokera ku ofesi ya khonsolo. Anthu amene anadula mitengo angathe kuisamala ngati mtengo woima ukuwapatsa zambiri kuposa chitini cha chimanga.

Za kuti ndalama zikathera ku kachasu, ndi mawu amene amanenedwa ndi anthu amene malipiro awo salondoledwa ndi aliyense. Ena adzamwadi. Thumba la chimanga cha thandizo nalo limagulitsidwa kwa mavenda tsiku lomwelo, ndipo makuponi a fetereza akhala akugulitsidwa kuyambira pamene Bingu wa Mutharika anayambitsa sabuside mu 2005. Kusiyana kwake n'kwakuti wogulitsa thumba amaluza, chifukwa venda amagula motchipa podziwa kuti munthuyo wapanikizika.

Chenjezo loona ndi la mitengo ya zinthu. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kumayambiriro kwa 2025 thumba la chimanga la makilogalamu 50 linafika pa K100,000 m'misika ina ya kum'mwera. Chimanga chikasowa m'dziko, ndalama ya pa foni imasungunuka isanafike kuchigayo. N'chifukwa chake chakudya cha miyezi ya njala chiyenera kupitirira, nkhokwe za NFRA zikhale zodzaza, ndipo ADMARC isamatsekedwe monga zinachitikira mu 2022, miyezi yochepa Freddy asanabwere. Koma chipukuta misozi cha mlimi si cha chakudya. Ndi cha mbewu, fetereza ndi ganyu, choncho chisamalembedwe m'makwacha okhazikika. Chizilembedwa kuti ndi mtengo wa thumba limodzi kapena awiri a fetereza ndi paketi ya mbewu pa tsiku lolipira.

Nanga ndalama zake zichokera kuti? Funsoli limafunsidwa mwaukali pokhapokha wolandira akakhala wosauka. Mu 2020/21 boma linaika pafupifupi K160 biliyoni ku AIP kuti alimi oposa 3.7 miliyoni agule thumba pa K4,495. Chaka ndi chaka dziko limathira mabiliyoni m'nthaka ngati fetereza, popanda kuika ngakhale kagawo kochepa koteteza ndalamazo mvula ikalakwa. Fetereza wa AIP wa 2022/23 m'maboma a kum'mwera anapita ku Shire limodzi ndi dothi. Wa 2023/24 anapsa ndi dzuwa. Sabuside yopanda inshulansi ndi juga yochitidwa ndi ndalama za boma, ndipo mosasamala kanthu kuti pulogalamuyo ikutchedwa AIP kapena FISP, kagawo ka bajeti yake kayenera kupatulidwa kukhala thumba lolipira alimi pa ngozi.

Zoti mayiko olemera, amene utsi wa mafakitale awo ukutenthetsa nyanja, ayenera kulipira, n'zoona. Thumba la zowonongeka chifukwa cha kusintha kwa nyengo linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, ndipo ku Dubai mu 2023 mayiko analonjeza pafupifupi $700 miliyoni. Ndalama zolonjezedwa dziko lonse lapansi n'zongofanana ndi zimene Malawi yekha anafuna pa namondwe mmodzi. Nduna zipitirize kukafuula ku misonkhano imeneyo. Koma ngakhale ndalamazo zitabwera mawa, zidzapeza kuti kuno kulibe kaundula wozilandirira, ndipo zidzathera m'mahotela a ku Mangochi pa misonkhano yokambirana mmene angazigawire.

Ngozi sizikubweranso modzidzimutsa, ngakhale dzina la nthambi ya DoDMA m'Chichewa likadali la zogwa mwadzidzidzi. Kusefukira kwa madzi kwa Januwale 2015, chilala cha 2016, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, El Niño mu 2024. Lamulo loyamba la ngozi linabwera mu 1991 Napolo atasesa Phalombe, ndipo zinatengera imfa za Freddy kuti Nyumba ya Malamulo ivomereze latsopano mu Epulo 2023. Lamulo latsopanolo likunena zambiri za kukonzekera ndi za malo oopsa kukhalamo. Chimene chatsala ndi malamulo aang'ono onena momveka kuti mlimi wotaya mbewu zochuluka bwanji ndiye alipidwe, alandire zingati, ndipo pasadutse masiku angati chilengezereni ngozi. Masiku makumi atatu ndi okwanira, chifukwa chinyezi cha kudimba sichidikira kuposa pamenepo.

Ntchito yoyamba siifunanso ndalama zambiri. Khonsolo ya mzinda wa Blantyre ndi ofesi ya zaulimi ya boma la Blantyre zikhale pamodzi mu Okutobala, mvula isanagwe, zilembe aliyense wolima: dzina, nambala ya chiphaso, nambala ya foni, kumene munda uli ndi kukula kwake, kaya uli m'phiri la Ndirande, kaya ku Bangwe, kaya ku Machinjiri, kaya kwawo ku Chiradzulu. Wa munda wa kumudzi atsimikiziridwe ndi mlangizi wa kumeneko kamodzi kokha, osati kumuyendetsa pakati pa maofesi awiri madzi atasefukira kale. Mayinawo amatidwe pa khoma la sukulu ndi la msika kuti anthu aone okha ngati mwalowa akufa kapena achibale a akomiti, ndipo pakhale nambala yaulere yodandaulirako. Aphungu ndi makhansala a Ndirande, amene amadziwa bwino nyumba iliyonse pa nthawi ya kampeni, afunsidwe pa msonkhano wotsatira wa khonsolo kuti m'dera lawo muli alimi angati, ndipo yankho lawo lilembedwe m'maminitsi.